ULENDO WA PANSI KUCOKERA KU LINTHIPE KUFIKIRA KU NYANJA

Inu abale amene muli ku migodi, ndidziwa kuti pobwera ku chuthi ambiri a inu mumakwera basi, nimutsikira pafupi ndi mudzi wanu, ndipo masiku akatha mumakweranso basi yomweyo, osapondako dziko lanu koma pabwalo pa nyumba pokha. Inenso ndinatero zaka zambiri. Lero ndifuna kukusimbirani za ulendo wa masiku asanu umene ndinayenda pansi m'boma la Dedza, kuti kapena wina mwa inu angauyende pobwera kwao.

Cimene cinandiyendetsa ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 15 amene anakulira ku Lilongwe. Tsiku lina anandifunsa, nati, "Amalume, kodi kwathu kweni kweni nkuti?" Ndinacita manyazi, pakuti kwathu kwa amai anga, agogo ace a mnyamatayo, ndi kufupi ndi Mtakataka kunsi kwa mapiri, ndipo iye anali asanafikeko ngakhale kamodzi. Mwana wa mlongo wako akapanda kudziwa kwao, mlandu ngwa malume. Tsono m'mwezi wa Julai, mitsinje itaphwa, ndinabvala jombo zanga za ku mgodi, iye nsapato zace za mpira, ndipo tinamanga kamba wa mbatata ndi mtedza, tinanyamuka.

Cigwa ca Linthipe

Tinatsika basi pa Linthipe, pa mseu waukulu wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, dzuwa litangotuluka. Mtsinje wa Linthipe umacokera ku mapiri a ku Dedza, nulandira madzi a mtsinje wa Lilongwe, nukathira m'nyanja kufupi ndi Salima. Ndinamuuza mnyamatayo kuti madzi amenewa ndi ife tonse tiri kupita ku nyanja imodzi, koma iwo adzera kwao, ife tidzera kwathu.

Nyengo imeneyi minda iri mbee, mapesi okha okha, koma m'mbali mwa mtsinje muli biriwiri ndi madimba a mpiru, anyezi, matimati ndi kabici. Tinapeza amai alikuthirira ndi ndowa, anyamata alikukumba mbewa, ndipo ponse ponse tinali kupatsana moni. Munthu wa pa basi salonjera munthu, koma woyenda pansi sapitirira mnzace ngati mtengo. Mnyamata uja poyamba anali kungoti "Bho" monga acitira m'tauni, pofika masana anali ataphunzira kuima, kubvula cipewa ndi kunena, "Mwaswera bwanji, amai?"

Cinthu cina anaciona yekha. Anafunsa cifukwa cace pakati pa minda yopanda mitengo pamapezeka kankhalango ka mitengo ikulu ikulu pafupi ndi mudzi uli wonse. Ndinamuuza kuti amenewo ndi manda, ndipo palibe munthu amalowamo ndi nkhwangwa popanda cilolezo ca mfumu. Mukafuna kudziwa m'mene dziko lino linkaonekera makolo asanalilime, yang'anani mitengo ya kumanda.

Madzulo tinafika patsinde pa phiri la Chongoni, ndipo tinayamba kwa nyakwawa kukadzionetsa, monga ayenera kucitira mlendo. Anatipatsa malo ogona, anatipezeranso munthu wotilondolera m'mawa mwace.

Zojambula za m'mapanga

M'mapiri a Chongoni muli malo 127 amene makolo anajambula pa miyala, ndipo m'caka ca 2006 bungwe la UNESCO linalemba dera limeneli m'kaundula wa malo a mtengo wapatali a pa dziko lonse lapansi. Malo odziwika kwambiri ndiwo Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi. Ife tinakwera ku Chencherere.

Zojambulazo ziri za mitundu iwiri. Zofiira ndizo zakale kopambana, mizere ndi timikombero, ndipo anazijambula Akafula, anthu osaka nyama amene Acewa anawapeza m'dziko muno. Zoyera anazijambula Acewa ndi dothi loyera, ndipo zambiri zioneka ngati nyama yotambasula miyendo, monga cikopa coyanika. Zambiri za zimenezi ndi nchito ya amai, pakuti zinali za maphunziro a cinamwali, ndipo tanthauzo lace ife amuna sitifunsa. Ku Namzeze kuli zina zofanizira zirombo za gule wamkulu.

Koma pa thanthwe lomwelo tinaona maina a anthu olembedwa ndi makala pamwamba pa zojambula. Wotilondolera uja anapukusa mutu, nati ana a sukulu ndi abusa a ng'ombe ndiwo amatero cifukwa palibe anawauza kuti cimeneci nciani. Mnyamata wanga anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anati, "Amalume, ndiye kuti agogo a agogo anga anagwirapo apa?" Ndinati kapena iwo, kapena anzao.

Dedza ndi Bembeke

Tsiku lomwelo tinalowa m'tauni ya Dedza kuli cisisira, mphepo irikulowa m'mafupa. Tauniyi iri pa mtunda wa mamita ngati 1,600 pamwamba pa nyanja ya mcere, ndipo phiri lace lifika pafupi fupi mamita 2,200. Malire a Mozambique ali pomwepo. Ndinamuonetsa mnyamatayo mbali ya kumwera, ndi kumuuza kuti azigogo athu ambiri anadzera kumeneko pa ulendo wa selufu, kuyenda pansi masabata angapo, kuoloka Zambezi ku Tete, mpaka ku Salisbury, kumene lero kuchedwa Harare, ena mpaka ku Joni. Ena anabwerako ndi njinga ndi masutikesi. Ena ndiwo machona amene mpaka lero maina ao amachulidwa pa maliro.

Tsiku lacitatu tinayenda pamwamba pa mapiri kunka ku Bembeke, dziko la mbatata ya kacewere, nyemba ndi mapicesi. Mishoni ya Bembeke inayamba m'caka ca 1910, ndipo ansembe a ku Mua ankakwera kuno kudzapumula pothawa kutentha ndi malungo a kucigwa. Ukaima kum'mawa kwace kutaca bwino, dziko limangotha mwadzidzidzi patsogolo pako, ndipo kutali pansi umaona cigwa cofiirira ndi nyanja irikunyezimira.

Kutsika phiri

Inu amene mumatsika m'kheji tsiku ndi tsiku mudziwa kuti munthu akamapita pansi kutentha kumakula. Pa phiri ili ncimodzimodzi. Nyanja ya Malawi iri pa mamita osafika 500, kotero kuti kucokera ku Bembeke munthu amatsika mamita oposa 1,000. Kheji imatsika mtunda wotere pa mphindi zowerengeka, koma ife unatitengera tsiku lathunthu, ndipo maondo anadziwa. Tinanyamuka titabvala majekete, pofika masana tinali titawamanga m'cuuno.

Njira yace njopapatiza, yamiyala, ndipo imadzera m'nkhalango ya miombo, masuku ndi nsungwi, kutsika m'tizigwa ndi kukweranso. Koma malo ambiri tinapeza zitsa zokha zokha ndi maenje akuda a ooca makala, ndipo tinakumana ndi amuna atasenza matumba. Sindiwanena, pakuti njala iribe manyazi. Koma phiri likabvulidwa mitengo, mitsinje imasefukira m'dzinja nkuuma msanga m'cirimwe, ndipo olira ndi a kunsi.

Dzuwa liri pamutu tinafika pa kamudzi ka nyumba zisanu, ndipo tinati, "Odi kuno!" Anatiyankha mkulu wina waimvi amene anali kuluka dengu. Asanafunse dzina langa anayang'ana mapazi anga, nati, "Jombo izo nza pansi pa nthaka. Munali mgodi uti, bambo?" Tinaseka tonse, ndipo anaitanitsa thobwa. Iye anagwira nchito ku migodi ya golide, nabwerako m'caka ca 1974, pamene Boma la Malawi linaletsa kulemba anthu a ku migodi ya ku Joni itagwa ndege ku Francistown. Mkulu wace anapita pansi iye ali mwana, ndipo sanalembeko kalata ngakhale imodzi.

Nditamuuza kuti amai anga pa utsikana wao ankasenza nsomba zouma kucokera ku nyanja kukasinthanitsa ndi nyemba ku mapiri, anadzuka ndi ndodo yace, natiperekeza mpaka pa mkuyu waukulu m'mbali mwa kamtsinje. Anati apa ndipo ankatulira akatundu onse a nsomba, ndipo miyala itatu yakuda imene munaiona paja ndi mafuwa ao. Pamenepo anayamba kumuchulira mnyamatayo maina a timitsinje ndi timapiri tonse tooneka, ndi kumene kunali midzi imene inasamuka.

Mnyamata anafunsa, "Agogo, kodi adzukulu anu amawadziwa maina onsewa?"

Mkuluyo anati, "Iai, mwana wanga. Iwo amakwera njinga yamoto nkudzera ku mseu wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti. Njira ikapanda kupondedwa mvula ziwiri imasanduka chire, ndipo dzina lace limapita nayo."

Mnyamata uja anatulutsa kope m'thumba, nayamba kulemba. Mau a akulu akulu akoma akagonera.

Mua ndi Mankhamba

Tinatulukira ku Mua madzulo, milambe itayamba kuoneka, mphepo iri yofunda. Mishoni ya Mua inayamba m'caka ca 1902 m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe, ndipo m'caka ca 1976 wansembe wa ku Canada, Bambo Claude Boucher, anayambitsa malo ochedwa Kungoni, ophunzitsa zosema ndi kusunga miyambo. M'nyumba yace yosungiramo zakale, ya Chamare, muli mbiri ya Acewa, Angoni ndi Ayao, ndi nkhope zambiri mbiri za gule wamkulu, gule amene UNESCO inamlemekeza m'caka ca 2005. Mitundu itatu imeneyi ikhalira pamodzi m'cigwa muno. Angoni a Kachindamoto anatsika mapiri omwewa m'zaka za m'ma 1890 atayambana ndi a Gomani, nakhazikika ku Mtakataka.

Tsiku lacisanu tinadumpha njanji imene inafika ku Salima m'caka ca 1935, ndipo tinapita ku Mankhamba, pafupi ndi mtsinje wa Nadzipulu. Lero mungapitirirepo osadziwa kanthu, pakuti pali minda ndi midzi ngati kwina kuli konse. Koma kumeneku kunali likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, zaka mazana anai kapena asanu zapitazo. Katswiri wa zofukula zakale, Dr. Yusuf Juwayeyi, anakumba pamenepa, napeza mikanda ya galasi, zidutswa za mbale za ku China, minyanga ya njobvu ndi zipangizo za mkuwa. Taganizani, abale: panalibe sitima, panalibe galimoto. Zonsezi zinabwera pamitu pa anthu m'tinjira tonga timene tinayendamo ife, ndipo mkuwa umenewo anaukumba munthu wina kutali, mnzanu wa nchito imodzi ndi inu.

Malonje

Tinafika kumudzi dzuwa litapendeka. Mng'ono wao wa amai anga, amene tsopano ndi nkhalamba, anatiyalira mphasa, natifunsa kuti tabwera pa galimoto yanji. Atamva kuti tayenda pansi kucokera ku Linthipe anaomba m'manja, natuma mwana kukatenga madzi ofunda a mapazi athu.

Pa mwambo wathu mlendo akakhala pansi amapereka malonje, kufotokoza kumene wacokera ndi zimene waona pa njira. Ine ndisanatsegule pakamwa, mnyamata uja anagwada, nati, "Agogo, ndinene ine." Anayamba pa Linthipe, nachula mudzi uli wonse, phanga, phiri ndi kamtsinje, mpaka pa mkuyu wa mafuwa atatu. Atafika pamenepo nkhalamba ija inagwira pakamwa, niti, "Mkuyu umenewo ulipobe? Ine ndinagonapo ndi amai ako akulu, tiri atsikana." Usiku umenewo sitinagone msanga. M'mawa mwace ana a pamudzi anamtenga kukasamba ku nyanja, ndipo anali kumuitana ndi dzina la mudzi wao.

Kwa amene afuna kuyenda

Nyengo yabwino ndi kuyambira Mei kufikira Ogasiti. M'dzinja musayese, pakuti mitsinje ya m'phiri imadzaza mwadzidzidzi ngakhale mvula yagwa kutali. Tengani bulangete cifukwa ca cisanu ca ku Dedza, masikito cifukwa ca udzudzu wa kucigwa, ndi botolo la madzi. Pa mudzi uli wonse yambani kwa mfumu. Musalowe kumanda kapena ku dambwe, musakhudze zojambula za m'mapanga, ndipo pa phiri la Bembeke pezani munthu wa komweko akulondolereni, pakuti tinjira ta ooca makala timasoceretsa. Safunsa anadya phula. Mcere, sopo kapena shuga pang'ono nzabwino kusiyira amene akusungani.

Si nonse muli a ku Dedza. Ena kwanu ndi m'mbali mwa Bua, ena Shire, ena Luangwa, ena Revubue, ndipo konseko kuli njira imene amai anu ankayenda, ndi nkhalamba imodzi kapena ziwiri zimene zikudziwabe maina ace. Pa masiku a chuthi canu patulani awiri kapena atatu, mutenge mwana wanu kapena wa mlongo wanu, mukaiyende nkhalambazo zikali moyo. Jombo muli nazo kale.

Tsalani bwino, mugwire nchito mosamala.