Dzina Logula pa Intaneti

Ife ana a anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'nyumba za azungu ku Salisbury tinakula tikudziwa kuti dzina ndi chuma. Kuno ku Tafara ndi ku Mabvuku munthu ankakongozedwa ufa pongotchula bambo ake. Lero dzina likugulidwa pa intaneti, nthawi zina motchipa kuposa ufawo.

Mu 2023 mwana wa achemwali anga analandira uthenga pa WhatsApp wonena za ntchito yosamalira okalamba ku Britain. Tsamba lake linali laulemu, la mbendera ndi fomu yolembapo. Anatumiza madola amene amayi ake anasonkha kwa chaka chathunthu pogulitsa tomato. Patatha milungu iwiri tsambalo linazimiririka ngati mame. Achemwali sakamba za nkhaniyi mpaka pano.

Chimene anakhulupirira mtsikanayu ndi dzina la tsambalo, lomwe odziwa makompyuta amati domain. Mbava imalembetsa dzina lofanana ndi la banki kapena bungwe lodziwika, n'kungosintha chilembo chimodzi, moti imabwereka ulemu umene ena anauvutikira. Chimaikopa kwambiri ndi mtengo. Kampani ya Freenom ya ku Netherlands inkapereka mwaulere mayina othera ndi .tk, a tizilumba ta Tokelau, mpaka inaleka mu 2023, chaka chimene Meta inaisumira. Mbava sizinalire maliro ayi, zinangosamukira kwina. Kafukufuku amene anathandizidwa ndi ICANN, bungwe loyang'anira mayinawa, anasonyeza mu 2024 kuti zimathamangira kumene mitengo yatsitsidwa ndiponso kumene munthu angalembetse mayina ambirimbiri nthawi imodzi. Lina likatsekedwa lero, mawa atsegula linzake. Wakuba wa pa msika wa Mbare amaopa kuti nkhope yake izindikirika, koma uyu alibe nkhope yoti aiteteze.

Zimbabwe ili ndi lamulo la Cyber and Data Protection Act la mu 2021, ndipo n'labwino. Komabe dzina likalembetsedwa kutsidya kwa nyanja, wapolisi wakwathu ayambira pati? N'chifukwa chake ine ndimaimba mlandu ogulitsa mayinawo, amene amalandira ndalama osafunsa kuti wogula ndani.

Pa msonkhano wa bungwe lathu la maliro tsopano timapatula mphindi khumi. Aliyense amene walandira uthenga wa ntchito kapena ngongole amabwera ndi foni yake, achinyamata amawerenga dzina la tsamba mokweza chilembo ndi chilembo, kenaka tituma mmodzi kukafunsa ku ofesi yeniyeni m'tauni ndalama isanatuluke.