Kafani kakang'ono, phokoso ngati chigayo

Ambiri a ife kuno ku Britain timagwira ntchito za usiku, ena m'nyumba zosamalira okalamba, ena m'mafakitale. Tulo ta masana n'tovuta kale, ndiye m'chipinda mukakhala chinthu cholira, munthu umapita ku ntchito mutu ukuwawa. Kwa ine chinthucho chinali kompyuta ya patebulo imene ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito ku Leicester. Bedi ndi tebulo n'zoyandikana, ndipo mwana wanga akaweruka kusukulu amalembera pomwepo homuweki, nthawi imene ine ndimakhala ndikusaka tulo. Anzanga anati ndingogula ina. Koma mwezi umenewo kumudzi ankadikira fizi ya mwana wa achemwali anga, choncho ndinasankha kukonza.

Choyamba ndinafufuza cholira. M'kompyuta mumakhala mafani angapo: ya purosesa, ya graphics card, ya bokosi, ndi ya power supply. Ya power supply musaiyandikire n'komwe, chifukwa mkati mwake mumatsala magetsi oopsa ngakhale mutazimitsa. Zinazo ndinkazigwira pakati ndi chala kamphindi kochepa, imodzi imodzi. Nditagwira kafani ka mamilimita 40 kokhala pa chipset, m'chipinda munangoti zii.

Chipset ndi kachipangizo ka pa motherboard kamene kamalumikiza purosesa ndi ma hard drive, ma USB ndi makadi ena. Kakatentha kwambiri kompyuta imayamba kuuma kapena kuzima yokha. Vuto la fani yaing'ono n'lakuti kuti ikankhe mpweya wokwanira imayenera kuzungulira maulendo masauzande angapo pa mphindi, pamene fani ya mamilimita 120 imagwira ntchito yomweyo ikuzungulira mofatsa. Timafani totere tinachuluka m'zaka za m'ma 2000, mwachitsanzo pa ma motherboard a nForce4 imene inatuluka mu 2004. Kenako tinayamba kusowa ntchito zambiri za chipset zitasamukira mu purosesa, koma tinabwereranso mu 2019 pa ma motherboard a X570 chifukwa cha kutentha kobwera ndi PCIe 4.0.

Ndinayamba ndi zosafuna ndalama. Ndinazimitsa, n'kuzula nthambo kukhoma, n'kugwira chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi asawononge zipangizo. Fumbi ndinalichotsa ndi kabulashi kofewa. Kenako ndinamasula kafaniko, ndinamatula kapepala ka kumbuyo kwake, ndipo pakachitsulo kozungulira ndinadonthezapo dontho limodzi la mafuta a makina osokera. Mafuta ophikira ayi, amauma n'kusanduka phula. Phokoso linatha, koma patapita miyezi itatu linayambiranso, chifukwa mkati mwa fani mukaperepeseka mafuta amangogula nthawi.

Njira ina ndi kuchepetsa liwiro la fani mu BIOS, ngati motherboard yanu ikulola. Zatsopano zambiri zimalola. Koma walira mvula walira matope: liwiro likatsika kutentha kumakwera. Muziyang'ana madigiri mu BIOS momwemo kapena pa pulogalamu yaulere ngati HWMonitor.

Yanga inali yakale, sinkalola zimenezi, choncho ndinagula heatsink yopanda fani, kachitsulo ka aluminiyamu ka mano ataliatali kamene kamamwaza kutentha mwakachetechete. Apa pamafunika kuleza mtima. Heatsink yakale imagwiridwa ndi timisomali tiwiri tapulasitiki, ndipo kuti tituluke muyenera kuchotsa motherboard yonse n'kutifinya kumbuyo ndi pulayala yaing'ono. Musatikanule ndi sikuludiraiva, ikaterereka imadula timizere tamkuwa, motherboard n'kufa. Ndinapukuta phala lakale ndi isopropyl alcohol, ndinaika thermal paste yatsopano yochepa ngati njere ya mpunga, n'kukhazika heatsink. Musanagule yesani kaye malo, chifukwa pa ma motherboard ena chipset imakhala kunsi kwa graphics card ndipo heatsink yaitali siingakwane. Pomaliza ndinaika fani ya mamilimita 120 kutsogolo kwa bokosi kuti mpweya uzidutsa pa mano aja. Zonse sizinakwane mapaundi 20, ndipo fizi inapita pa nthawi yake.

Mawu anga apite makamaka kwa inu amene mumatumiza makompyuta akale kumudzi pa kontena. Kafani kamene kakulira kuno kozizira, kakakumana ndi fumbi ndi dzuwa la Okutobala la ku Nsanje kapena Salima sikachedwa kuima, ndipo m'bale wanu adzaganiza kuti munamutumizira chinthu chakufa. Tsegulani, pukutani, sinthani chofunika kusintha musanapakire. Amene mukuopa kutsegula nokha, bwerani nayo pa msonkhano wathu wotsatira, zida ndidzabwera nazo.