Mlembi wa Alimi ndi Kompyuta Yokalamba

M'maofesi ang'ono-ang'ono a magulu a alimi muno m'Cigawo ca Kum'mawa, ndi m'masukulu momwe, muli makompyuta ambiri okalamba amene anafika kuno atagwira kale nchito kwa eni ake oyamba. Ambiri sanafe. Cimene cimawavuta ndi ulesi: munthu akatsegula buku la maina, makina amayamba aganiza kwa nthawi yoti mai akhoza kutereka madzi ndi kuthira ufa.

Ndimo mmene inaliri kompyuta ya gulu lina la alimi kufupi ndi Katete m'caka ca 2024. Mlembi wa gululo, bambo wacikulire amene kale anali kalaliki wa Boma, anali kusungamo maina a mamembala, manambala a zitupa zao, ngongole, ndi ndandanda ya olandira fataleza ndi mbeu za FISP. Inali Dell OptiPlex 780, mtundu umene unaturuka m'caka ca 2009. Nthawi yolembetsa alimi itayandikira, komiti inavomereza kuti mlembiyo atenge ndalama pang'ono m'thumba la gulu akagule cimene acinyamata amacha RAM. Ndalamazo zinali zocokera ku nshawa ndi mpendadzuwa wa anthu, ndipo iye anadziwa kuti akagula cinthu cosalowa m'makinawo adzakhala ndi mlandu pa msonkhano wa pacaka.

Mwina owerenga ena afuna kudziwa kuti RAM n'ciani. M'kompyuta muli nkhokwe, imene amacha hard disk, mmene zolembedwa zonse zimagona ngakhale makina atazima. Koma nchito siigwiridwa m'nkhokwe. Mai wopeta amatapa cimanga naciika pa licero, ndipo licero likacepa amangopita ndi kubwera kunkhokwe, dzuwa n'kulowa nchito isanathe. RAM ndiyo licero la kompyuta. Ya mlembiyu inali ndi magigabaiti 2 cabe, pa timathabwa tiwiri tobiriwira ta gigabaiti imodzi-imodzi.

Woyamba kupereka nzeru anali mphwake, mnyamata wophunzira ku Lusaka. "Atsibweni," anatero pa foni, "gulani DDR4 ya magigabaiti 16, ndiyo imene anzanga onse ali nayo." Mnyamatayo sananame za anzake, koma sanafunse kuti makina a atsibweni ake ndi a caka citi. Timathabwa timeneti tiri ndi mibadwo. DDR3 inayamba kugulitsidwa m'caka ca 2007, DDR4 m'caka ca 2014, ndipo pambuyo pake kunabwera DDR5. Kathabwa ka DDR4 kali ndi mano 288 m'mphepete mwake, pamene ka DDR3 kali ndi 240, motero sikangalowe m'kangalande ka mnzake ngakhale munthu akanikize ndi mphamvu zake zonse. Mpini wa khasu sulowa pa nkhwangwa. Coopsa koposa ndi DDR2 ndi DDR3, pakuti yonse iwiri iri ndi mano 240 ndi utali umodzi. Imasiyana pa kamphako kodulidwa pakati pa manowo, ndiponso pa mphamvu ya magetsi, cifukwa DDR2 imadya mavoti 1.8 pamene DDR3 imadya 1.5. Wogula ndi maso okha amabwera ndi cinthu cimene sadzacigwiritsa nchito.

Mlembiyo, pokhala munthu wozolowera mapepala, sanakhulupirire mau a pakamwa. Anazula nthambo ya magetsi, natsegula bokosilo, nayamba wakhudza citsulo cake kuti magetsi obisika a m'thupi asaononge kanthu, monga anamlangizira mphunzitsi wina wa ku sekondale. Anaona tingalande tinai, tiwiri todzaza ndi tiwiri topanda kanthu. Anaturutsa kathabwa kamodzi nakopera m'buku lake zonse zolembedwa pa kapepala kake. Panali PC3-10600. Mphunzitsi uja anamasulira kuti PC3 ndiyo DDR3, ndi kuti nambala yotsatirayo ndi liwiro lake. Anaonjeza kuti kathabwa kothamanga kakakhala pamodzi ndi kocedwa, tonse timayenda pa liwiro la kocedwako, kotero kulipira zambiri cifukwa ca liwiro n'kutaya ndalama.

Koma nkhani imene inasintha maganizo ake inali ina. Kompyutayo inali ndi Windows 7 ya mtundu wa 32-bit, ndipo mtundu umenewu sungagwiritse nchito RAM yopitirira magigabaiti 4. Kawiri-kawiri umaona atatu ndi pang'ono. Munthu akaikamo 8 kapena 16, otsalawo amangokhala ngati ng'ombe zogulidwa popanda goli. Kuti onsewo agwire nchito kunafunika kufafaniza Windows ndi kuika ina ya 64-bit, ndipo mlembiyo sanafune kuseweretsa maina a alimi kutatsala milungu yowerengeka kuti ndandanda iperekedwe. Pamenepo anaganiza bwino. Anatsimikiza kuti magigabaiti 4 ndiwo malire ake.

Anakwera basi ya ku Chipata atanyamula bokosi lonse la kompyuta, atalikulunga m'citenje. Anthu m'basimo anamseka, namfunsa ngati wanyamula wailesi ya makolo. M'sitolo ina wogulitsa anamuonetsa kathabwa kamodzi ka magigabaiti 4, koyera bwino, ka DDR3 ndithu. "Bambo, tengani aka, nchito yatha," anatero. Mkuluyo anati, "Mwana wanga, safunsa anadya phula. Tiyambe tayesa." Atakalowetsa, makina analira kulira kwa mwanapiye ndipo pagalasi sipanaoneke kanthu. Kathabwako sikanali kakufa. Kanali ndi timabokosi takuda tisanu ndi titatu cabe, tatikulu m'kati mwake, ndipo makina ambiri a m'nthawi ya Core 2 Duo satha kutiwerenga. Ka magigabaiti 4 kamene amalandira ndi kaja ka timabokosi 16, mbali zonse ziwiri. Panalinso tina tochipa modabwitsa, tocokera m'makompyuta akulu a makampani, tolembedwa Registered. Timeneti makina a pa tebulo amatikana. Tating'ono ta laputopu sanatiyang'ane n'komwe, pakuti n'tatifupi.

Potsiriza anasankha timathabwa tiwiri tofanana ta magigabaiti 2, ta salaula, pakuti DDR3 yambiri imene imapezeka masiku ano ndi yocotsedwa m'makina ena. Tiwiri tofanana tikaikidwa m'tingalande toyenera timakoka pamodzi monga ng'ombe za pa goli limodzi. Anauza wogulitsa kuti makinawo ayake kwa ola lathunthu asanaturutse ndalama, ndipo anaitanitsa lisiti lolembedwa bwino, la dzina la gulu. Timathabwa takale tija anatiika mu envelopu, kuti tidzathandize tsiku lina.

Kunena zoona, RAM siinasandutse nkhalamba kukhala mnyamata. Microsoft inaleka kusamalira Windows 7 mu January 2020, ndipo Windows 11 siilola makina a msinkhu umenewu ngakhale RAM icuruke cotani. Mphunzitsi uja ananenanso kuti nkhokwe yatsopano ya SSD ikanafulumizitsa makinawo koposa, koma komiti inati zimenezo zidikire kukolola. Ndiponso caka cimeneco cinali ca cilala, madzi anacepa ku Kariba, malaiti anali kuzima kwa maola ambiri, ndipo ziri pa licero zimatayika magetsi akangozima. Mlembiyo anapitiriza mwambo wake wosunga nchito akalemba maina khumi alionse.

Buku la maina linayamba kutseguka madzi asanafunde, ndipo anatha kulemba kalata buku lomwelo liri cotsegula. Ndandanda inafika kwa alangizi a zaulimi nthawi isanathe. Pa msonkhano wa pacaka anawerenga lisitilo pamaso pa onse, nabweza ndalama zotsala kwa msungi-cuma, ndipo mai wina wokalamba anapempha kuti envelopu ija itsegulidwe aone ndi maso ake cinthu cimene cinadya nshawa zake.