Tsiku limene mphwanga analephera mayeso pabwalo panga

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, akuphunzira za udotolo kumzinda. Pa tchuthi chapitachi anabwera kuno ku Zóbuè kudzationa. Tsiku lachitatu madzulo, titangomaliza kudya nsima ya mfutso, anatulutsa mipando iwiri pabwalo nkuti, "Amalume, khalani apa. Lero inu ndinu wodwala, ine ndine dotolo."

Ndinakana. Munthu wamkulu sasewera ndi matenda, angadziitanire tsoka. Koma mnyamatayo anachonderera, akuti akufuna munthu woti ayeserepo kufunsa mafunso. Mayi a kunyumba ali kutsuka mbale anaseka, amvekere, "Mpatseni chija chinakugwirani titabwera ku Mwanza." Apo ndinavomera.

Ambiri a inu mukukumbukira kuti nthawi ya nkhondo tinathawira ku Mwanza, ndipo tinabwerera mtendere utasainidwa mu 1992. Patapita zaka ziwiri ine ndinagwidwa ndi chifuwa chachikulu. Ndinabayidwa jekeseni miyezi iwiri, mankhwala onse anatha miyezi 8. Mphwangayu anali asanabadwe, ndipo nkhaniyi pakhomo pano sitiikambakamba.

Anaika foni yake pa mtondo kuti iwerenge mphindi 10, nayamba. Moni sanapereke. Dzina sanandifunse.

"Mukumva chiyani?"

"Ndili ndi malungo," ndinatero, monga momwe ndinanenera kuchipatala chaka chijachi.

"Thupi likutentha? Mutu ukupweteka? Mumagona m'neti?"

Ndinayankha zonse moona. Mphindi zitatu zisanathe anali atamaliza. Akuti andiyeza magazi, ndipo akapeza tizilombo ta udzudzu andipatsa mapiritsi a masiku atatu. Anali kumwetulira ngati mlenje wapha insa pakhomo.

"Walephera," ndinamuuza. "Wodwala wako wapita kukafera kumudzi, atapatsiranso ana ake."

Inu abale mukudziwa kuti kwathu kuno mawu oti malungo ndi dengu lalikulu, timaponyamo zambiri. Kuphwanya kwa m'thupi ndi malungo, kuzizidwa ndi malungo, kufooka kosadziwika bwino ndi malungo. Za kutsokomola kwa miyezi iwiri, za thukuta lonyowetsa mphasa usiku, za buluku limene linayamba kuvuka lokha, sindinanene chifukwa sanandifunse. Chaka chijachinso sindinanene msanga. Masiku amenewo munthu woonda ndi wotsokomola anthu anali kumuloza chala, ndiye ndinkadikira kuti wina ayambe ndiye kufunsa. Mphwanga zizindikiro zonsezi akuzidziwa, anazilakatula pomwepo ngati katekisimu. Chimene chinamusowa ndicho kudekha kuti ndilankhule.

Sanakwiye. Anati matendawa ndi a madotolo ambiri, ndipo anafufuzidwa kale. Ku America mu 1984 akatswiri awiri, Beckman ndi Frankel, anamvetsera madotolo akucheza ndi odwala, napeza kuti wodwala akayamba kufotokoza vuto lake amadulidwa mawu pakangotha masekondi ngati 18. Ndinawerenga pa zala. Nthawi imeneyo kwathu kuno munthu sanamalize nkuyankha moni komwe.

Tsono anandifotokozera kuti sewero tinachitali m'maiko ambiri ndi mayeso enieni. Anawayambitsa dotolo wina wa ku Dundee, ku Scotland, dzina lake Ronald Harden, mu 1975, ndipo amatchedwa OSCE. Wophunzira salemba papepala. Amalowa m'kachipinda, napeza munthu wonamizira kudwala ndi mphunzitsi ali pambali ndi cholembera. Belu likalira amatuluka nkulowa m'kachipinda kena. Muno afunse wodwala, umo apime pachifuwa, umo aonetse kusamba m'manja ndi kuvala magolovesi, umo adzutse chidole chonga munthu amene mtima waima. Ophunzira onse amakumana ndi matenda amodzimodzi, kotero palibe wonena kuti mnzanga anampatsa chophweka.

Dziko limene anakhalitsapo pofotokoza ndi Japan. Kumeneko udotolo amaphunzira zaka 6. Kale ophunzira awo akapita m'zipatala ankangoima kumbuyo kwa aphunzitsi nkumapenya, chifukwa lamulo silinkalola bwinobwino kuti munthu wosakhala dotolo agwire ntchito ya udotolo. Ankamaliza sukulu mitu itadzaza, manja ali osazolowera. Ndiye kuyambira mu 2005 sukulu zonse za udotolo m'dzikomo zinagwirizana kuti wophunzira asanayambe kugwira odwala enieni, kawirikawiri m'chaka chachinayi, akhoze kaye mayeso awiri. Oyamba ndi a pa kompyuta, mafunso 320. Achiwiri ndi a tizipinda tija, ndipo pakati pa oyesa pamakhala aphunzitsi ochokera kusukulu zina kuti eni ake asakondere ana awo. Mu 2021 anasintha lamulo, ndipo kuyambira mwezi wa April 2023 mayesowa ndi aboma. Wokhoza ndiye amaloledwa kugwira wodwala, mphunzitsi akuyang'anira. Wolephera adikire.

Chimene chinandigwira mtima ine si kompyutayo ayi. Ndi anthu onamizira kudwala aja. Ambiri mwa iwo si a zisudzo, si achipatala. Ndi anthu wamba, ena okalamba opuma pantchito, amene amadzipereka nkuphunzitsidwa kusunga nkhani imodzi osaisintha. Amauzidwa kuti zina asaulule mpaka atafunsidwa, monga ndinachitira ine. Pophunzira, wodwala wabodzayo amapatsidwa mpata womuuza wophunzira m'mene anamvera mumtima: apa unandichititsa mantha, apa sindinamve mawu ako, apa unayang'ana pepala ine ndikulira. Nkhalamba ya m'mudzi kuphunzitsa mwana wa ku yunivesite, aphunzitsi ali chete kumvetsera!

Pamenepa ndinakumbukira azakhali anga, ndipo tulo usiku umenewo tinandivuta.

Iwo anabadwira kuno koma anakwatiwa kumunsi, m'mbali mwa mtsinje wa Revúbuè, ndipo migodi ya malasha itabwera anasamutsidwira ku Mualadze pamodzi ndi anzawo. Zaka zingapo zapitazo anadwala m'mimba, ine ndi amene ndinawaperekeza kuchipatala china chachikulu. M'mawa mwake munalowa bambo wina wovala zoyera, achinyamata asanu ndi awiri akumutsata. Anazungulira kama. Chitenje chinachotsedwa popanda wopempha. Analankhulana Chipwitikizi pamwamba pa mimba yawo, wina kudina, wina kudina, nkupita pa kama wina. Azakhali anafunsidwa funso limodzi lokha, ngati akumva kupweteka, iwo nkugwedeza mutu. Atatuluka onse anandinong'oneza kuti akhala akutaya magazi kumaso miyezi inayi, chonsecho anasiya kusamba kalekale.

"Bwanji simunanene, azakhali?"

"Ndinene pamaso pa ana aamuna onsewo? Ena aja ndi misinkhu ya adzukulu anga."

Ngakhale ine anandiuza atayang'ana kukhoma. Ndinakapeza namwino wina wachikulire, mayi wodziwa chinenero chathu, ndipo ndi iye anafikitsa mawuwo kwa dotolo. Pakadapanda mayi ameneyo, anthu asanu ndi atatu ophunzira bwino akadabwerera osadziwa chimene chinatibweretsa.

Musandimve molakwa. Sindikuti ophunzira achotsedwe m'zipatala. Amene tinaona zaka zoyamba za ufulu wa 1975 tikudziwa m'mene dziko linatsalira ndi madotolo owerengeka, ndipo kwa zaka zambiri sukulu ya udotolo inali imodzi yokha, ku Maputo. Mpaka lero m'zipatala zathu zazing'ono amene amatiyang'ana kawirikawiri ndi técnico kapena namwino, ndipo amagwira ntchito yolemera. Pamene Universidade Zambeze inayamba kuphunzitsa mu 2009, nthambi yake ya zaumoyo nkuikidwa mumzinda wa Tete, tinakondwera kuti ana athu sadzapitanso kutali. Kutsidya kwa malireku nako College of Medicine ya ku Blantyre inatsegulidwa mu 1991. Ana amenewa ayenera kuphunzirira pa matupi a anthu, ndipo matupiwo ndi athu ife amene sitingathe kulipira chipatala cha ndalama. Ine thupi langa ndikulipereka. Chimene ndikupempha nchakuti wondigwirayo akhale atayesedwa kale pa munthu wonamizira, andiuze kuti ndi wophunzira, ndipo apemphe asanakweze malaya anga.

Chinanso ndi chinenero. Ku Japan wophunzira ndi wodwala amalankhula chimodzi. Kuno mwana wochokera ku Nampula kapena ku Inhambane amaphunzira zonse m'Chipwitikizi, nkudzakumana ndi gogo wa Chichewa kapena Chinyungwe amene akati "mtima ukundiwawa" akuloza pamwamba pa mchombo, akati "ndadumpha mwezi" akunena za pakati. Ngati mayeso a tizipinda achitika m'Chipwitikizi chokha, wodwala wabodza ali mnzake wa m'kalasi, mwana akhoza kupambana bwino koma osatha kumva gogo ameneyu. Ku Nampula, Universidade Lúrio inayamba njira yotchedwa Um Estudante, Uma Família, kutanthauza wophunzira mmodzi banja limodzi: wophunzira amapatsidwa banja la m'dera loti aziliyendera pa zaka za maphunziro ake. Nzeru imeneyo ndaikonda. Ndipo akafuna nkhalamba zonamizira kudwala m'Chichewa, ku Zóbuè ndi ku Mualadze tilipo ambiri, matenda oti tisewere tinadwala kale enieni.

M'mawa mwake mphwanga anatulutsanso mipando. Ulendo uno anati mayi a kunyumba ndiwo akhale wodwala. Anagwada pang'ono, napereka moni, nanena dzina lake ndi kuti akadali wophunzira. Atafunsa chimene chawabweretsa anatseka pakamwa. Ndinaona chala chake chikugunda pa bondo, koma anapirira. Mayiwo anayambira kutali, za kumunda, za mvula, za msana, mpaka pa mphindi yachinayi ndi pamene anatchula chotupa cha kubere.

Mnyamatayo anasiya kulemba. "Amayi, ichi ndi cha sewero kapena chenicheni?"

Iwo anayang'ana pansi. Ine amene ndakhala nawo zaka 36 ndinali ndisanamve. Lolemba lotsatira tinakwera chapa wa m'mawa kupita ku Tete, mphwanga atakhala pakati pathu, ndipo zotsatira za kuyezako atiuza kuti tikazitenge kumapeto kwa mwezi uno.