Zomwe Kabwato Kachiwale Kadatiphunzitsa



Ife aphunzitsi tili ndi chizolowezi chimodzi chomwe sitikonda kuchinena pagulu: timalanda zinthu za ana. Mwana akangotulutsa kagalimoto kawaya, legeni kapena mpira wachikulunga pa nthawi ya phunziro, dzanja lathu lafika kale, ndipo chinthucho chimakathera m'kabati momwe timasungamo choko ndi kaundula. Ifenso tidachita zimenezi kwa zaka zingapo poganiza kuti tikuteteza maphunziro a Dini. Lero tifuna tikufotokozereni za tsiku lomwe tidalanda kabwato ka mwana wina, ndi momwe kabwatoko kadasinthira kaphunzitsidwe kathu.

M'kalasi mwathu mudali mnyamata wina wa zaka 9, mwana wamasiye woleredwa ndi agogo ake aakazi kufupi ndi gombe. Anzake adali atalowa kale mu Juzu Amma, koma iye adakhala miyezi yambiri ali pa Alifu, Ba, Ta pomwepo. Chomwe chinkamusokoneza chidali madontho. Paja zilembo za Chiarabu zilipo 28, ndipo 15 mwa izo zili ndi madontho. Ba, Ta ndi Tha thupi lake ndi limodzi, kusiyana kwake nkwakuti Ba ili ndi dontho limodzi pansi, Ta ili ndi awiri pamwamba, pamene Tha ili ndi atatu pamwamba. Mwanayo akaona zimenezi pabolodi ankangoti kakasi, anzake nkumaseka. Pang'ono ndi pang'ono adayamba kujomba, ndipo tidamva kuti amakhalira kuthandiza asodzi kuyanika usipa pathandala kuti amupatseko ndiwo.

Tsiku lina m'nyengo ya mwera, asodzi atalephera kulowa m'madzi, mnyamatayo adabwera. Phunziro lili m'kati tidaona kuti manja ake ali pansi pa mphasa. Titavundukula tidapeza kabwato kosema ndi chiwale, iye ali kalikiliki kukasalaza ndi kamwala. Tidakalanda, ndipo pamaso pa anzake onse tidamuuza kuti manja olephera kugwira choko asamataye nthawi ndi zachibwana. Mawa lake sadabwere, mpaka sabata yonse idatha.

Lachisanu titatuluka mu Juma tidapeza agogo ake akutidikira pansi pa mtengo wa mango. Titapatsana salamu adati: "Amwalimu, ndabwera kudzapempha bwato la mdzukulu wanga. Sindikukana kuti adalakwa kusewera pa nthawi ya phunziro. Koma bwato lija adasema masiku anayi, ndipo nchinthu chokhacho chomwe anthu amuyamikirapo chimwalirire mayi ake. Anzake adamuuza kale kuti mutu wake ngouma. Tsopano inu mwamuuza kuti manja akenso ngachabe. Nanga watsala ndi chiyani?"

Tidasowa choyankha. Tidakatsekula kabati muja, ndipo aka kadali koyamba kuti tikayang'anitsitse kabwatoko. Kadali kogobedwa bwino m'kati, milomo yake yopindikira m'kati ngati bwato lenileni, ndi nkhafi yake yaing'ono. Titakakhazika patebulo nkukayang'ana cham'mbali, tidaona chomwe tidalephera kuona miyezi yonse ija: mwanayo adali atasema chilembo chomwe chinkamuvutacho. Thupi la Ba ndi bwato, kutsogolo ndi kumbuyo kotukuka. Atabwera Lolemba tidayamba ndi kumupepesa pamaso pa anzake omwe aja. Kenako tidaika kamwala kamodzi pansi pa bwatolo nkumuuza kuti nangula watsikira pansi, imeneyi ndi Ba. Tidakweza timiyala tiwiri pamwamba, asodzi awiri, imeneyi ndi Ta. Asodzi atatu, Tha. Swala ya Asri isadakwane iye adali akufunsa anzake mafunso ndi timiyala take.

Usiku umenewo tidabwerera ku mabuku omwe tidaphunzira ku koleji, ndipo tidachita manyazi poona kuti nkhani ya ntchito zamanja idalimo kale, ife ndife tinkaidumpha. Mtumiki Nuhu adakhoma chombo ndi manja ake. Mtumiki Daudi ankapanga zovala zachitsulo za kunkhondo, ndipo ankadya thukuta la manja ake. Mtumiki Zakariya adali mmisiri wa matabwa, monga adalembera Imam Muslim. Mayi Aisha (Allah asangalale nawo) adafotokoza kuti Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) ankasoka yekha chovala chake ndi kukonza nsapato zake. Ndipo mu Bukhari ndi Muslim muli nkhani ya mayi Rubayyi bint Mu'awwidh, omwe adafotokoza kuti pa tsiku la Ashura, la 10 m'mwezi wa Muharram, amayi a ku Madina ankapangira ana awo zidole za ubweya wa nkhosa. Mwana akayamba kulirira chakudya ankamupatsa chidolecho kuti aiwale njala mpaka nthawi yomasula. Choncho Maswahaba sadaone choseweretsa chopanga pamanja ngati mdani wa Dini, koma ngati chida cholerera mwana m'Dini.

Kuyambira pamenepo tidapatula ola limodzi Loweruka lililonse m'mawa kuti likhale la ntchito zamanja. Sitigula kanthu, zipangizo zonse ndi zomwe zili pakhomo panu pomwepo. Tikufotokozereni zingapo kuti nanunso muyese ndi ana anu.

Choyamba ndi zilembo zadongo. Tengani dongo lakudambo, muchotse timiyala, musakanize ndi mchenga pang'ono kuti lisang'aluke pouma, ndipo mulikande mpaka lifewe. Mwana apote dongolo ngati chingwe, kenako apinde kukhala chilembo. Madontho akhale njere za bwemba kapena tizigoba ta nkhono, ndipo asamamatidwe, kuti mwana aziika ndi kuchotsa yekha. Thupi limodzi limupatsa Jim, Ha ndi Kha, lina limupatsa Sin ndi Shin. Umitsani pamthunzi masiku awiri kapena atatu, chifukwa padzuwa dongo limasweka. Chenjezo lathu ndi lakuti ana aumbe zilembo zokha. Dzina la Allah kapena ayah ya Qur'an zisaumbidwe, popeza zinthu za ana zimagwa pansi nkupondedwa.

Chachiwiri ndi tasbihi. Mwana aumbe timipira tadongo 33 tofanana ndi nzama, atiboole ndi kamtengo ka tsache tikadali tatiwisi, ndipo tikauma atitungire pa ulusi wa ukonde wakutha, nkumanga mfundo akakwana 11 aliwonse. Ngati pamudzi pali mayi woumba mbiya, mpempheni atiotchere limodzi ndi mbiya zake kuti tilimbe. Mwana amene watunga yekha mikanda 33 saiwala kuti pambuyo pa swala Subhanallah, Alhamdulillah ndi Allahu Akbar zimanenedwa ka 33 chilichonse. Timawaphunzitsanso kuwerenga ndi zala monga ankachitira Mtumiki, kuti tasbihi ikaduka zikiri isaduke nayo. Musalole ana kutunga njere za nsatsi, ngakhalenso tinjere takutchire tofiira tokhala ndi kadontho kakuda, pakuti zonsezi nzapoizoni ndipo mwana sachedwa kuponya chinthu m'kamwa.

Chachitatu ndi kamkeka koswalirapo. Pamenepa tiulule kuti ife, ndi masatifiketi athu, sitidziwa kuluka. Tidapita kukapempha agogo aja, ndipo adavomera. Iwo ndiwo amaonetsa ana kang'ambidwe ka mlaza wouma, kauviikidwe m'madzi kuti ufewe, kalukidwe ka mizere italiitali ndi kasokereredwe kake. Mizere ya ana imatuluka yokhotakhota, koma mkeka umatheka. Tidawauza anawo kuti Mtumiki nayenso ankaswalira pa kamkeka kakang'ono ka masamba a kanjedza kotchedwa khumra, monga adafotokozera mayi Maimuna. Kuyambira tsiku limenelo ana amene tinkachita kuwakoka kuti aime pamzere amathamangira okha, aliyense afuna ayale wake.

Chachinayi ndi kathumba konyamuliramo Juzu. Chitenje chakutha chomwe chachapidwa bwino chimakwana timatumba tingapo. Dulani nsalu yotalika kawiri kuposa bukulo, ipindeni pakati, mwana asoke mbali ziwiri ndi kusokerera chingwe chokolekera paphewa. Anyamata ena adayamba akana kuti singano nja atsikana. Tidawafunsa kuti kodi amene amasoka maukonde kugombe ndani, nanga Mtumiki chovala chake ankasokeredwa ndi yani? Adakhala pansi nkuyamba kusoka.

Chachisanu nchokhudza Ramadhani. Pezani katoni yakale mujambulepo timabokosi 30. Tsiku lililonse mwana atuluke ndi bambo kapena mayi ake kukayang'ana mwezi, ndipo ajambule ndi khala m'kabokosi ka tsikulo momwe wauonera. Masiku oyamba adzauona kumadzulo dzuwa litangolowa, uli ngati chikhadabo. Pakati pa mwezi udzakhala wathunthu. Kuyambira apo umachedwa kutuluka, ndiye aziuyang'ana pa nthawi ya dakwi. Pamapeto pake adzamvetsa yekha chifukwa chomwe mwezi wa Chisilamu umakhalira ndi masiku 29 kapena 30, ndi chifukwa chomwe akuluakulu amadikirira kuoneka kwa mwezi asanalengeze Idi.

Sikuti onse adakondwera nazo. Bambo wina adabwera atanyamula ng'ombe yadongo yomwe mwana wake adaumba ndi dongo lotsala, ndipo adatifunsa ngati tayamba kuphunzitsa ana kuumba mafano. Funso limeneli ndi loyenera, ndipo sitidalipeputse. Ma hadith oletsa kupanga zifaniziro za zinthu zamoyo alipo ndipo ndi amphamvu. Komanso nzoona kuti mayi Aisha ankasewera ndi zidole Mtumiki akuona, ndipo Abu Dawud adalemba kuti pakati pa zidolezo padali hatchi yamapiko yomwe Mtumiki ataiona adaseka. Nchifukwa chake maulama ambiri adalola zoseweretsa za ana, ngakhale ena adaumitsapo. Ife ku madrasa tidasankha njira yopanda mkangano, yomwe Ibn Abbas adalangiza mmisiri wina wojambula, yakuti azipanga mitengo ndi zinthu zopanda mzimu. Choncho ana athu amapanga mabwato, nyumba, mizikiti, magalimoto, miphika ndi zilembo. Koma mwana akaumba kang'ombe sitimuopseza ndi moto, timangomuongolera mofatsa. Bamboyo adamvetsa, ndipo sabata yotsatira adatibweretsera waya.

Tikupemphaninso kuti ana asapite okha kukatapa dongo kapena kukadula bango. M'mabango ndimo mubisala ng'ona, ndipo madzi odikha a m'mphepete ndiwo amakhala ndi nkhono zofalitsa likodzo. Mpeni, lezala ndi moto zikhale m'manja mwa wamkulu.

Mwina mukufunsa kuti mnyamata uja adatha bwanji. Sitikunamizani kuti adasanduka wopambana onse. Mpaka pano amawerenga pang'onopang'ono, ndipo ayah imodzi amaibwereza kambiri isanakhazikike. Koma zilembo adazimaliza Ramadhani isanafike, adalowa mu Juzu Amma, ndipo kujomba adasiya. Loweruka ndiye amaphunzitsa ang'onoang'ono kusema chiwale, ndipo omwe ankamuseka aja amamudikira kuti awaongolere mabwato awo. Tikadapanda kudzudzulidwa ndi agogo aja, bwenzi lero ali kugombe, ife tikunena kuti mwanayo sankafuna Dini.

Makolo anzathu, masiku ano mwana akalira timamupatsa foni, tikapeza ndalama timamugulira kagalimoto kapulasitiki komwe sikatha sabata. Sitikunena kuti zimenezi nzoletsedwa, koma zonsezi mwana amangolandira. Chomwe wapanga yekha chimamuphunzitsa kupirira dongo likasweka, kumaliza chomwe wayamba, ndi kusataya chinthu chomwe chingagwirenso ntchito. Akuluakulu adati kuongola mtengo mpoyamba. Loweruka likubwerali khalani pamphasa ndi ana anu ngakhale ola limodzi. Agogo amene amadziwa kuluka aitanidwe, pakuti luso limeneli likapita nawo kumanda sitidzalipeza m'buku lililonse. Ndipo mwana akakubweretserani chomwe wapanga, kaya nchokhota chotani, chilandireni ndi manja awiri, muchiyang'anitsitse, munene kuti Masha Allah.

Kwa aphunzitsi anzathu a ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi konse kumene magazini ino imafika, pempho lathu ndi limodzi: katsekuleni kabati muone zomwe mudalanda, ndipo muzibweze kwa eni ake.

Allah atikhululukire pomwe tidalakwira ana, ndipo adalitse manja awo ndi mitima yawo.