Manja ndi mapazi a Tony Allen

Koma Tony Allen, abale! Ndangomuonera pa YouTube, malemu uja ankaimbira Fela Kuti ng'oma m'gulu la Africa 70 ku Lagos, anatisiya mu 2020. Phazi lamanzere likutsegula ndi kutseka hi-hat, lamanja likugunda ng'oma yaikulu mwa apo ndi apo, dzanja lina likungonong'ona pa snare, linalo lili ndi kayendedwe kakekake. Mapewa ali phee. Ntchito imene pagule amagawana anthu angapo, iye yekhayekha.

Chonsecho poyambira pake ndi pabondo pomwepa: dzanja lamanja ligunde katatu, lamanzere kawiri, m'nthawi yofanana. Pang'onopang'ono mpaka thupi lizolowere, phazi lilowe pambuyo.

Inu oimba ng'oma kutchalitchi ndi m'mabandi, phazi lamanzere munaliweta bwanji?