Voti Imatsata Kwawo

Ndikamayang'ana zotsatira za chisankho cha 1994, ndimaona ngati ndikuwerenga mapu a zigawo zitatu za dziko lathu. A Chakufwa Chihana a AFORD anakokolola Kumpoto, a Kamuzu Banda a MCP anatenga Pakati, ndipo a Bakili Muluzi a UDF anatenga Kummwera. Poti Kummwera kunali anthu ambiri, a Muluzi anapambana ndi mavoti 47 pa 100 aliwonse.

Sindikhulupirira kuti makolo athu anavota mwaumbuli. Mlimi wa ku Chitipa, amene msewu wake unkaduka dzinja lililonse, ankaganiza kuti mwana wa kwawo yekha ndiye angamukumbukire. Chitukuko chikamapita kwawo kwa mtsogoleri, voti nayonso imatsata komweko.

Mu 2020 khoti linagamula kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Palibe chigawo chimene chili ndi theka la Amalawi, tsono wofuna mpando ayenera kukagogoda kwa eni zigawo zina.

Pano pa seminale ndimadya mbale imodzi ndi Mtumbuka, Mlomwe ndi Msena. Ndikadzakwanitsa zaka 18, ndidzafunsa chimene munthuyo adzachitire tonsefe, osati kumene anabadwira.